Wopita Monyinyirika: Liwu la Chingerezi Loti "Reluctant"

Pa 4 Novembala 2019, aphungu a Nyumba ya Malamulo ya ku Britain, ku Westminster mumzinda wa London, anasankha Sipikala watsopano. John Bercow anali atatula pansi udindo atakhala pampando zaka 10, ndipo mavoti anagwera Lindsay Hoyle. Zotsatira zitalengezedwa, Hoyle sananyamuke yekha kupita kumpando waukulu uja. Aphungu awiri anafika pamene anakhala, wina n'kumugwira mkono uwu, wina uwo, n'kuyamba kumukoka. Iye ankachita ngati akuumirira m'mbuyo, uku nkhope ikuwala ndi chimwemwe, anzake akusokosera m'mabenchi. Munthu amene anachita kupempha yekha mavoti aja anafika pampando wake ngati wogwidwa.

Ndi mwambo wakale, ndipo ku Canada amauchitanso. Amati unayamba m'masiku amene Sipikala ankanyamula mawu a aphungu kukawatula kwa mfumu. Mfumu ikapsa mtima ndi uthengawo, mkwiyo unkagwera wamthenga, choncho munthu wanzeru sankathamangira udindo umenewu. Ngozi ija inatha kalekale, koma kukoka kunatsala. Angerezi akamafotokoza zimene Sipikala watsopano amaonetsa pa kamtunda kakafupi kameneka, amagwiritsa ntchito liwu loti "reluctance", ndipo munthuyo amati ali "reluctant".

Ambiri amene tinaphunzira Chingerezi m'kalasi tinauzidwa kuti liwuli limatanthauza "wosafuna", n'kulekera pomwepo. Tanthauzo limeneli silolakwika, koma ndi theka chabe. Theka linalo ndi lakuti Hoyle anakafika pampando n'kukhalapo. Munthu amene ali "reluctant" sanakane. Mtima wake ukukokera m'mbuyo, ali ndi zifukwa zake, mwina mantha, mwina chisoni, mwina kukayika, koma khomo sanatseke. Nthawi zambiri chinthucho amachichita ndithu. Wowerenga amene wamva liwuli ngati "wakana" wamva nkhani ina, osati imene yalembedwa.

Mbiri ya Nyumba yomweyo ili ndi munthu mmodzi amene anaonetsa mbali zonse ziwiri. Mu 1523, Thomas More anasankhidwa kukhala Sipikala. Monga mwa mwambo wa nthawiyo, anaima pamaso pa Mfumu Henry VIII n'kudandaula kuti iye ndi wosayenera ntchitoyo. Dandaulo lake silinamveke, ndipo anagwira ntchito. Patapita zaka 11, mu 1534, More yemweyo anauzidwa kuti alumbire lumbiro limene likanatanthauza kuvomereza ukwati watsopano wa mfumu ndiponso kukana ulamuliro wa Papa pa mpingo wa ku England. Apa sanazengereze n'kugonja pambuyo pake. Anakana. Anamutsekera m'ndende ya Tower of London, ndipo pa 6 Julayi 1535 anamudula mutu. Wolemba mbiri wa lero akhoza kunena kuti More wa mu 1523 anali "reluctant", koma za More wa mu 1534 liwu lake ndi "refused". Pakati pa mawu awiriwa pali mtunda umene munthu anaufera.

Kuti timvetse chifukwa chake liwuli lili ndi kukana ndi kugonja m'kati mwake nthawi imodzi, tiyenera kubwerera ku Chilatini. Aroma anali ndi mneni woti "luctari", kutanthauza kulimbana mogwetsana pansi, anthu awiri atakolana manja, thukuta lili kamukamu. Akaika kachidutswa koti "re" kumayambiriro, pankatuluka "reluctari", kulimbana mobwezera, kuumirira pamene wina akukukankha kapena kukukoka. Tsinde limeneli lili ndi ana ambiri m'zinenero zimene zinabadwa ku Chilatini. Ku Mexico, masewera ogwetsana a anthu ovala zobisa nkhope amawatchula kuti "lucha libre". Ku Senegal, komwe akatswiri ogwetsana amadzaza mabwalo a masewera, pa Chifalansa amati "lutte". Ndipo abale athu a ku Tete ndi ku Niassa amalidziwa bwino tsindeli m'Chipwitikizi: "luta" ya m'mfuwu wa chipani cha FRELIMO woti "a luta continua", umene unamveka pa nkhondo yomenyera ufulu wa Mozambique mpaka dzikolo linadzilamulira mu 1975, ndi mbale wake weniweni wa "reluctant".

Liwuli linalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1600, ndipo poyamba linkasungabe fungo la bwalo la zogwetsana. John Milton analigwiritsa ntchito m'ndakatulo yake yaitali ya Paradise Lost, imene inatuluka mu 1667. Pamalo pena m'ndakatuloyo, Satana wabwerera kwa anzake kukadzitama kuti wagwetsa Adamu ndi Hava. Akuyembekezera kuomberedwa m'manja, koma akumva kutsonya kwa njoka mbali zonse. Kenaka thupi lake lomwe liyamba kusintha: mikono ikumamatira kunthiti, miyendo ikupotana, mpaka agwa chafufumimba atasanduka chinjoka. Milton akunena kuti pa nthawi imeneyo Satana anali "reluctant", ndipo sakutanthauza kuti ankakayika mumtima ayi. Akutanthauza kuti ankaphiriphitha, kulimbana ndi mphamvu yomuposa, koma osaphula kanthu.

M'kupita kwa zaka, kulimbana kuja kunachoka m'minofu n'kulowa mumtima. Masiku ano munthu akhoza kukhala phee pampando, osagwedeza ngakhale chala, koma ali "reluctant". Komabe chithunzi chakale sichinafufutike. Amene anaonapo mbuzi ikupita kumsika pachingwe akudziwa zimene liwuli likunena: imatsamiritsa miyendo yakutsogolo m'fumbi, khosi lili tawatawa, kulira kuli pakamwa, koma mukayang'ana pakapita kanthawi mupeza kuti yadutsa kale pamlatho.

Pali malo amodzi pamene tanthauzo lakale la kukana kwa chinthu chopanda mtima lidakalipo, ndiwo m'sayansi ya magetsi. Oliver Heaviside, Mngerezi amene anasiya sukulu ali mnyamata n'kudziphunzitsa yekha masamu atagwirako ntchito yotumiza mauthenga pa waya, ndiye anapereka mayina ambiri amene ophunzira zamagetsi amaloweza lero. Mu 1888 anatenga liwu loti "reluctance" n'kulipatsa ntchito yatsopano. Mphamvu ya maginito imadutsa mosavuta m'chitsulo, koma imavutika kudutsa mumpweya kapena m'thabwa. Muyeso wa kuvutako ndiwo anautcha "reluctance". Palinso mamota amene amatchulidwa ndi dzina limeneli, chifukwa kachitsulo ka m'kati mwake kamazungulira pofunafuna njira imene maginito angadutse mosavutikira. Mamota otere amapezeka m'makina ena a m'mafakitale ndi m'galimoto zina zoyendera magetsi. Heaviside anasankha bwino: mpweya suletsa maginito kudutsa, umangowavutitsa.

Tibwerere kwa anthu. Potchula liwuli, mphamvu imagwera pa phatikizo lapakati, "luc", limene limamveka ngati "lak". Kwa ife olankhula Chichewa lili ndi kamsampha, chifukwa limayamba ndi "r" kenaka n'kubwera "l", malembo amene m'chinenero chathu lilime limawatenga ngati amodzi. Polankhula anthu amamvabe, koma polemba m'pofunika kusamala dongosolo lake: "r" patsogolo, "l" pambuyo. "Reluctant" ndi mfotokozi, "reluctance" ndi dzina, ndipo "reluctantly" ndi muonjezi. Mfotokoziyu amakonda kutsatidwa ndi "to" kenaka mneni: "reluctant to go", "reluctant to pay". Kunena kuti "reluctant of going" n'kulakwitsa kumene ophunzira ambiri amagweramo. Amathanso kuima kutsogolo kwa dzina, monga pamene aphunzitsi a ku Britain ndi ku America amanena za "reluctant reader", mwana amene amatha kuwerenga koma satola buku pokhapokha atamukankha.

Kusiyana kwakukulu kuli pakati pa mfotokozi ndi muonjezi, ndipo apa m'pofunika kudekha. Tiyerekeze kuti pachitika ngozi ya minibasi, nkhani yafika kukhoti, ndipo mtolankhani walemba chimodzi mwa ziganizo zitatu izi. Choyamba: "The witness refused to name the driver." Chachiwiri: "The witness was reluctant to name the driver." Chachitatu: "The witness reluctantly named the driver." M'choyamba, mboni yakana, dzina la dalaivala silinatuluke. M'chachitatu, dzina latuluka; mboniyo yalitchula, kungoti yalitchula mutu uli pansi, mwina chifukwa dalaivalayo ndi mlamu wake, mwina chifukwa ikuopa zimene zidzachitike madzulo ikabwerera kwawo. Chachiwiri ndicho chonyenga. Chikutiuza za mtima wa mboni, koma sichikutiuza mathero. Mwina inatchula loya ataifunsa kachitatu, mwina sinatchule. Wowerenga ayenera kupitiriza kuwerenga kuti adziwe. Womasulira amene wafulumira n'kulemba kuti "mboni yakana kutchula dalaivala" pa chiganizo chachiwiri waikira munthu mlandu umene mwina alibe, pakuti m'khoti kukana kuyankha ndi nkhani ina, kuyankha movutikira ndi nkhani inanso.

Nanga m'Chichewa tingati chiyani? Pa muonjezi tili ndi mwayi, chifukwa "monyinyirika" amakwana bwino kwambiri: anavomera monyinyirika, anapereka monyinyirika. Kusiyana kochepa n'kwakuti kunyinyirika kwathu kumakhala ndi kamawu kotuluka kukhosi kapena nkhope yokwinya, pamene "reluctance" ikhoza kukhala ya chinunu, yosaoneka n'komwe kunja. Pa mfotokozi ndiye palibe liwu limodzi lokwanira paliponse. Pena "akuzengereza" ndiye akuyenera, pena "akukayika", pena "mtima wake suli pomwepo", pena "sakufuna kwenikweni". "Akuchita mphwayi" ndimaona kuti ndi woopsa kumugwiritsa ntchito pano, chifukwa mphwayi zili ndi kaulesi m'kati, pamene munthu amene ali "reluctant" kawirikawiri amakhala ataganiza mozama kuposa anzake amene angovomera msanga. Womasulira wabwino amayamba wafunsa kuti chikumukoka munthuyu m'mbuyo n'chiyani, kenaka n'kusankha liwu.

M'maofesi ndi m'makalata a ntchito, liwuli lili ndi ntchito inanso, yaulemu. Angerezi sakonda kunena "ayi" wamaliseche, ndipo "reluctant" ndi imodzi mwa nsalu zimene amamufunditsa. Bwana akalemba kuti "I am reluctant to approve this request", sanavomere, koma sanakanenso kotheratu. Akunena kuti pali chimene sichikumukhutiritsa, ndipo wopemphayo akabwera ndi zifukwa zomveka kapena mapepala osowawo, nkhani ikhoza kusintha. Wantchito amene wamva chiganizochi ngati chigamulo chomaliza amataya mwayi wake pachabe. Koma kalata ikayamba ndi "We have reluctantly decided", musayembekezerenso kanthu. Chigamulo chapangidwa kale, ndipo "reluctantly" wangoikidwapo kuti akuuzeni kuti olembawo sanasangalale pochita zimenezo. N'chimodzimodzi pamene mtsogoleri walandira kalata yotula pansi udindo ya nduna yake "with great reluctance": ndunayo yapita basi. Anzathu amene akugwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba ku Britain amakumana ndi liwuli tsiku ndi tsiku. Dokotala akanena kuti ali "reluctant" kulemba mankhwala ena ake, sakumana wodwalayo. Akutanthauza kuti ali ndi nkhawa ndi mankhwalawo pa munthu ameneyu, ndipo ndi nthawi yabwino yofunsa kuti nkhawayo ndi yotani. Namwino akalemba m'faelo kuti gogo wina anali "reluctant to eat", wolowa ntchito usiku amadziwa kuti ayesenso mofatsa, pamene akanalemba kuti "refused" bwenzi nkhani itafika kwa akuluakulu.

Liwuli lili ndi anansi angapo, ndipo ena amasokoneza ngakhale eni chinenero. "Unwilling" ndi wolimba kuposa "reluctant". Amayandikira kukana, ndipo sapereka chiyembekezo chambiri. "Hesitant" amachokera ku mneni wa Chilatini wotanthauza kukakamira pamalo amodzi, ndipo amanena za munthu amene waima kaye chifukwa sanatsimikize chochita. Wa "hesitant" sakudziwa chimene akufuna, pamene wa "reluctant" akudziwa bwino kuti sakufuna, kungoti akuona kuti mwina afunika kuchita. "Grudging" ali ndi kakhwinya ka kaduka kapena kuumira, ngati munthu wobweza ngongole akuwerenga ndalama iliyonse kawiri.

Awiri otsalawa ndiwo amagwetsa anthu. Pali "loath", liwu lakale la Chingerezi chenicheni, losachokera ku Chilatini, limene limatanthauza pafupifupi chimodzimodzi ndi "reluctant" koma molemererapo: "she was loath to leave", sankafuna m'pang'ono pomwe kuchoka. Mukangowonjezera "e" kumapeto, "loathe", mwapanga mneni wotanthauza kudana nacho chinthu mpaka kunyansidwa. Mawu awiriwa ndi apachibale, onse anachokera ku liwu lakale lonena za chinthu chodedwa, koma lero ntchito zawo n'zosiyana, ndipo ngakhale m'manyuzipepala a ku London kalembo kameneka kamapezeka pamalo olakwika. Winayo ndi "reticent". Ameneyu tsinde lake ndi mneni wa Chilatini wotanthauza kukhala chete, ndipo kwenikweni amanena za munthu wosunga mawu, wosaulula za kukhosi. Chifukwa "reticent" ndi "reluctant" amayamba mofanana ndipo amatha mofanana, anthu ambiri masiku ano amanena kuti "reticent to go" akufuna kunena kuti "reluctant to go". Madikishonale ena ayamba kuvomereza kagwiritsidwe kameneka chifukwa kafala, koma akonzi ambiri a mabuku amakakanabe. Ine ndili kumbali ya akonziwo, chifukwa chinenero chikataya kusiyana kwa wosafuna kulankhula ndi wosafuna kuchita, chasauka. Wophunzira amene akulemba mayeso achita bwino kusunga "reticent" pa nkhani za pakamwa pokha.

Opita kutchalitchi amene amawerenga Baibulo la Chingerezi akhoza kuona kusuntha kwa mawuwa pa vesi imodzi yodziwika pa nthawi ya chopereka, 2 Akorinto 9:7. Baibulo la King James la mu 1611 linagwiritsa ntchito "grudgingly" pofotokoza kaperekedwe kamene Paulo akuletsa. Mabaibulo a m'zaka za m'ma 1900, monga Revised Standard Version ndi New International Version, anaika "reluctantly". M'Chigiriki chimene Paulo analembera, mawu ake amanena za kupereka kochokera m'chisoni. Omasulira atsopanowo anaona kuti "reluctantly" ndiye akugwira bwino chisoni chimenecho: ndalama yalowa m'mbale, koma mtima watsala ukuilira.

Chodabwitsa n'chakuti liwu limene pa chopereka ndi chitonzo, pa utsogoleri limasanduka ulemu. Azungu ali ndi chikhulupiriro chakale chakuti munthu woyenera mpando ndi amene sakuufuna. Mu 374, anthu a mumzinda wa Milan ku Italy anafuula kuti Ambrose, amene anali bwanamkubwa wa chigawocho ndipo anali asanabatizidwe n'komwe, akhale bishopu wawo. Iye anayesa kuthawa ndi kubisala, koma pomaliza anagonja, anabatizidwa, ndipo patangotha masiku ochepa anadzozedwa. Mu 391, mpingo wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria, unagwira Augustine n'kumukankhira kutsogolo kuti adzozedwe unsembe, iye akulira. Onse awiri anakhala mizati ya mpingo. Pafupi ndi nthawi yathu pali George VI, mfumu imene nkhope yake inali pa masitampa a Nyasaland ndi Northern Rhodesia. Sanabadwire kudzalowa ufumu; unamugwera mu Disembala 1936 pamene mkulu wake Edward VIII anatula pansi chisoti kuti akwatire Wallis Simpson. Anali wachibwibwi ndiponso wamanyazi pagulu, koma anakhala pampando m'zaka zonse za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mpaka imfa yake mu 1952. Olemba mbiri amakonda kumutchula kuti "reluctant king", ndipo ponena zimenezo amakhala akumuyamikira.

Popeza dzinali ndi laulemu, andale ambiri amalifuna. N'chifukwa chake mukamawerenga kuti wakutiwakuti wavomera "reluctantly" kupikisana nawo pa chisankho chifukwa anthu amukakamiza, m'pofunika kuyang'ana zimene anachita miyezi ya m'mbuyomo musanakhulupirire. Liwuli limanena za m'kati mwa mtima, malo amene mtolankhani sangalowemo. Wolemba wosamala amati munthuyo "akuti" anali wosafuna, kapena "ankaoneka" wosafuna.

Mlembi wa ku Pakistan, Mohsin Hamid, anagwiritsa ntchito kusaoneka kumeneku pa dzina la buku lake la mu 2007, The Reluctant Fundamentalist. Ndi nkhani ya Changez, mnyamata wa ku Lahore amene anaphunzira ku yunivesite ya Princeton n'kupeza ntchito yapamwamba ku New York, kenaka moyo wake n'kutembenuka pambuyo pa chiwembu cha pa 11 Sepitembala 2001. Dzina la bukuli limaika pamodzi mawu awiri osagonerana, chifukwa munthu woumirira pa chikhulupiriro chake sayembekezeka kukhala wokayika. Wowerenga amatseka buku asakudziwa bwinobwino kuti Changez anakokedwa mpaka pati, ndiponso kuti anali kukana chiyani.

Koma pamene liwuli limakhudza miyoyo ya anthu ambiri ndi pa nkhani ya katemera. Mu 2019, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mndandanda wa zinthu 10 zoopseza umoyo wa anthu chaka chimenecho. Pamodzi ndi Ebola, HIV ndi kuwonongeka kwa mpweya, panalinso kuzengereza kulandira katemera. Pofotokoza vutoli, bungweli linaika mawu awiri moyandikana, "reluctance" ndi "refusal", kusonyeza kuti pali magulu awiri a anthu amene sabwera kudzabayitsa ngakhale katemera alipo. Linanenanso kuti matenda a chikuku anali atakwera ndi 30 peresenti padziko lonse, ngakhale kuti si onse odwalawo amene anadwala chifukwa cha kuzengereza.

Kusiyanitsa magulu awiriwa si masewera a mawu. Okana kotheratu amakhala ochepa, ndipo kuwatembenuza n'kovuta. Ambiri ndi a gulu linalo. Taganizirani mayi amene wabwera kusikelo ndi mwana kumbuyo, buku la kuchipatala lili m'manja. Mwana wamukweza pasikelo, kulemera kwalembedwa, koma pofika pa mzere wa jakisoni mayiyo akutsalira kumbuyo, akukonzakonza chitenje chimene chili bwinobwino. Wazaumoyo akamuyandikira n'kufunsa kuti, "Mayi, bwanji simukusendera kuno?" yankho lake silikhala lakuti sakufuna. Limakhala lakuti, "Adokotala, ulendo watha uja mwanayu anatentha thupi usiku wonse, ndiye bambo ake akuti tidikire kaye." Mayi ameneyu wayenda mtunda, wafika, buku walibweretsa. Akauzidwa mofatsa kuti kutentha thupi pang'ono kumachitika ndipo kumatha, n'kulangizidwa chochita kukachitikanso, kawirikawiri amamasula mwana kumsana. Akakalipiridwa pamaso pa anzake, mwezi wamawa sabwera. Ndipo lipoti likalembedwa kuti mudzi wakutiwakuti "wakana" katemera pamene anthu ake anali ndi mafunso chabe, akuluakulu amatumiza chiopsezo kumene kumafunika munthu wokayankha mafunso.

Akatswiri amene WHO inawapatsa ntchito yofufuza nkhaniyi, m'lipoti lawo la mu 2014, anatchula zinthu zitatu zimene zimabweza anthu m'mbuyo. China ndi kusakhulupirira katemerayo kapena omupereka. China ndi kuona ngati matendawo ali kutali, sangafike pakhomo pawo. Chachitatu ndi kuvuta kwa njira: chipatala chili kutali, tsiku la katemera likugundana ndi la msika, mzere ndi wautali. Chilichonse mwa zitatuzi chili ndi mankhwala ake, ndipo palibe chimene chimachizika ndi kukalipa.

Dziko la Malawi linakumana ndi choyambacho maso ndi maso mu 2021. Kumapeto kwa Marichi chaka chimenecho, dzikoli linalandira katemera wa COVID-19 wa AstraZeneca wokwanira kubaya ka 102,000 kudzera ku bungwe la African Union, koma tsiku lake lotha mphamvu linali pa 13 Epulo, patangotsala milungu yosakwana itatu. Azaumoyo anathamanga nawo n'kugwiritsa ntchito wambiri, koma wina anatsala. Mbiri itafala kuti m'nkhokwe muli katemera wotha mphamvu, anthu anayamba kuchepa m'malo obayira, poopa kuti abayidwa wowonongekayo. Amenewa sanali odana ndi katemera. Ambiri anali oti akanabwera. Boma likanatha kutaya wotsalayo mwakachetechete, koma linasankha kuitana atolankhani. Pa 19 Meyi 2021, pa chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe, katemera wokwanira kubaya ka 19,610 anaponyedwa m'ng'anjo nduna ya zaumoyo Khumbize Kandodo Chiponda ili pomwepo, makamera akujambula. Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kuwotcha katemera wa COVID-19 poyera, ndipo akuluakulu a Unduna wa Zaumoyo ananena mosabisa kuti achita zimenezi kuti amene ankazengereza aja aone ndi maso awo kuti katemera wotha mphamvu sadzafika pamkono pawo.